Uthenga Umene Sunafike ku Nyalugwe

Tasila Nyendwa ankagwila nchito m'kaofesi ka zipinda ziwili kuseli kwa sitolo ya malata ndi simenti ku Petauke. Anthu a ku chalichi kwawo ankangoti ndi wa makompyuta, ndipo ena ankamubweletsela mafoni awo akafa. Koma nchito yake inali ina. Kabungwe kamene kanamulemba kankayang'anila mafiliji osungila katemela wa ana m'makiliniki a mpingo makumi awili ndi atatu, ena a m'midzi ya ku Petauke, ena a ku Nyimba.

M'filiji iliyonse munali kachipangizo kongolingana ndi bokosi la machesi. Kankayeza kuzizila pa mphindi khumi zilizonse n'kutumiza nambala ku kompyuta. Filiji ikayamba kufunda, kompyuta inkatumiza uthenga pafoni ya nesi wa pakilinikipo kuti asamutse katemela msanga. Nesi akapanda kuyankha pa theka la ola, uthenga wina unkapita ku ofesi ya oyang'anila anesi ku Nyimba.

Kabungweko kanalibe njila yakeyake yotumizila mauthenga. Kankadalila makampani awili a ku Lusaka. Pulogalamu inapangidwa kuti izidzisankhila yokha: kampani yoyamba ikagwa kapena ikayamba kuchedwa, iyo inkasamukila ku yachiwili popanda kufunsa munthu. A Morgan Daka, mkulu wa ofesiyo, ankanyadila zimenezi alendo akabwela. Ankagogoda pamwamba pa kompyuta n'kunena kuti, "Iyi ikadwala imadzichilitsa yokha."

Komabe chinthu chodzisintha chokha chimafuna wochipenya. N'chifukwa chake panali pulogalamu ina yaing'ono imene iwo ankaitchula kuti mlonda. Nchito ya mlonda inali kuona ngati zonse zikuyendadi pamene zili m'kati moyenda, ndipo malamulo ake analemba ndi Tasila. Limodzi mwa malamulowo linali lakuti ola lililonse mlonda atumize uthenga woyesela kudzela m'makampani onse awili, kupita ku kafoni kakale kamene kankakhala m'dilowa ya tebulo la Tasila. Uthengawo ukapanda kufika pa mphindi zisanu, mlonda ankaliza foni ya Tasila.

Mu Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo, kampani yachiwili inayamba ulesi. Mauthenga ake ankafika ndithu, koma patapita mphindi zisanu ndi ziwili kapena zisanu ndi zitatu. Mlonda sankadziwa kukhululuka. Foni ya Tasila inkalila ali pakudya, ali m'bafa, ali pamzele wogula malasha. Akayang'ana, ankapeza kuti uthenga wafika kale, palibe chovuta. Tsiku lina anawelenga: inalila kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi.

Lachinayi lina masana anali pophunzila nyimbo za kwaya, akukonzekela ukwati wa mwana wa abusa. Foni inalila pakati pa nyimbo, kenako inalilanso. Mtsogoleli wa kwaya anatsitsa manja n'kumuyang'ana, ndipo azimayi a kumbuyo anaseka. Tasila anatuluka ndi manyazi, nakaima pansi pa mtengo wa mango. Pomwepo, pafoni pakepo, anazimitsa lamulo lija kumbali ya kampani yachiwili. Panali kamalo kolembapo chifukwa. Analemba kuti, "Kwa kanthawi." Mumtima anati Lolemba akatalikitsa nthawiyo kufika mphindi khumi n'kuliyatsanso, nchito yosatenga ngakhale kotala la ola.

Lolemba kunabwela alendo ochokela ku Chipata. Lachiwili magetsi anazima tsiku lonse. Foni inali itakhala chete, ndipo chifukwa cha chete ameneyo nkhaniyo inamuchoka m'mutu.

Loweluka lachiwili la Novembala mvula yoyamba inagwa ndi mphepo ndi ziphaliwali. Kampani yoyamba inagwa cha m'ma teni m'mawa, ndipo pulogalamu inachita zimene inapangidwila: inasamukila ku yachiwili. Tasila anali kunyumba akuchapa. Foni italila chifukwa cha kugwako, anasuzumilapo ndi manja a thovu, anaona mizele ya makiliniki yonse yobiliwila, kusonyeza kuti zili bwino, napitiliza kuchapa.

Tsiku lomwelo, pa kiliniki ina ya kudela la Nyalugwe, nesi Febby Njobvu anali yekha chifukwa mnzake anali patchuthi cha uchembele. M'mawa kunabwela mayi wapakati amene mwana anali atapingasa m'mimba. Febby anaitana ambulansi. Asanakwele anatsegula filiji, anaona kuti ikuzizila bwino, nasiyila makiyi amai Jessy amene ankasesa pakilinikipo. Anawauza kuti uthenga ukabwela adzawaimbila, iwo asamutsile katemela m'bokosi la madzi oundana. Anafika ku Nyimba bwinobwino ndipo mayi uja anapulumuka pamodzi ndi mwana wake. Koma pobwelela kamtsinje kanali katadzaza, galimoto sinathe kuwoloka. Febby anagona ku Nyimba masiku awili, foni ili m'thumba, ili ndi moto, ndipo sinalile.

Atafika Lolemba anapeza madzi ali pansi pa filiji. Chiphaliwali chinali chitatentha waya wochokela ku batile ya sola. Katemela yense, wa chikuku, wa poliyo ndi wina wotsalayo, anali atafunda ngati tiyi wa m'mawa. Lachitatu linali tsiku la sikelo. Azimayi oposa makumi asanu ndi limodzi anabwela ndi ana kumsana, ena atayenda maola atatu m'matope. Febby anawayeza ana kulemela kwawo n'kuwabweza opanda jekeseni.

Nkhani inafika ku Petauke Lachiwili m'mawa. A Daka anaima pakhomo la chipinda cha Tasila atanyamula foni.

"Amai Miti, oyang'anila anesi ku Nyimba, afuna pepala loonetsa mauthenga a Loweluka. Nesi wa ku Nyalugwe akuti sanalandile kalikonse. Sindikiza tione."

Tasila anatsegula tsambalo. Mauthenga asanu ndi awili opita kwa Febby Njobvu, kuyambila 11:42 m'mawa. Atatu opita ku ofesi ya ku Nyimba. Pambali pa uliwonse panalembedwa kuti watumizidwa. Anali pafupi kusindikiza pamene anaona kuti onsewo anadutsa ku kampani yachiwili. Anakumbukila lamulo limene anazimitsa lija. Anadikila a Daka kuti abwelele m'chipinda chawo, kenako anakoka dilowa pang'onopang'ono n'kutulutsa kafoni kaja.

Mauthenga oyesela a kampani yoyamba analimo onse, ola ndi ola, kupatula a maola amene inagwa Loweluka. A kampani yachiwili analekela pa 3 Novembala. Kuchokela tsiku limenelo panalibe ngakhale umodzi.

Sizinamutengele nthawi kupeza chifukwa. Kampaniyo inali itasintha kalandilidwe ka manambala. Inkafuna nambala yoyamba ndi 260, nambala ya dziko. Nambala yoyamba ndi zilo inkailandila, n'kuyankha kuti talandila, kenako n'kutaya uthengawo. Nambala ya ofesi ya ku Nyimba inalembedwa kalekale ndi 260, chotelo mauthenga awo anafika, ngakhale kuti foniyo inali yotsekeledwa m'kabati mpaka Lolemba. Nambala ya Febby inayamba ndi zilo. Ya kafoni ka m'dilowa nayonso inayamba ndi zilo. Lamulo lija likanakhala loyaka, mlonda akanamuuza Tasila masiku asanu ndi atatu filiji isanafe.

Anawelenganso mauthenga a m'kafoniko. Kenako anakabwezela m'dilowa, nasindikiza pepala limene anapemphedwa.

A Daka analiwelenga akugwedeza mutu. "Ndiye kuti kumbali yathu zonse zinayenda?"

"Mauthenga anatuluka, bambo," anatelo Tasila.

Sanali kunama. Mauthenga anatulukadi. Mawu amenewa anawabweleza mumtima kangapo tsiku limenelo. Masana a Daka atapita kukadya, anakonza manambala a makiliniki asanu ndi anayi amene anali ndi zilo pamodzi ndi ya kafoni kaja, nayatsanso lamulo lija, nalitalikitsa kufika mphindi khumi. Zonse pamodzi zinamutengela mphindi khumi ndi ziwili.

Msonkhano wa nkhani ya filijiyo unachitika ku Nyimba Lachisanu. Tasila sanapite. A Daka anabwelako madzulo atanyamula mkoko wa nthochi, namugawila zina.

"Zinali zomvetsa chisoni," anatelo akusenda nthochi. "Nesi uja anakana mpaka kulila. Anapeleka foni yake kuti tione. Koma amai Miti anati uthenga umafufutika, ndiponso iwo foni ya mu ofesi inalandila, nanga yake inalephela bwanji? Amupatsa kalata yomuchenjeza. Komanso anali pamndandanda wopita kusukulu ya uzamba mu Januwale. Amuchotsapo."

"Amuchotsapo chifukwa cha filiji?"

"Akuti munthu wosasamala sangamutumize kusukulu. Katemela uja si wotchipa, Tasila. Koma ife atiyamikila. Akuti pakanapanda pepala lathu sakanadziwa choonadi."

Tasila anaika nthochi zake patebulo. Zinakhala pomwepo mpaka zinada, ndipo a Daka ndi amene anazitaya.

Milungu inayi inapita. Mlonda ankagwila nchito bwino kuposa kale, mizele yonse yobiliwila. Tasila ankafika msanga, ankaweluka mochedwa, nchito zimene zinakhala miyezi osagwilidwa anazimaliza zonse. A Daka anayamba kumutama kwa alendo. Iye akamva, ankapita kuseli kwa ofesi kumene anyamata a pasitolo ankatsitsa simenti, n'kuima pamenepo ngati akufuna mphepo. Katatu konse analemba uthenga wopita kwa a Daka woyamba ndi mawu akuti, "Bambo, pali chimene sininakuuzeni," ndipo katatu konse anaufufuta. Ankadziuza kuti wolakwa weniweni ndi kampani, kuti waya anatentha ndi chiphaliwali, kuti foni ya ku Nyimba siinayenela kukhala m'kabati. Zonsezo zinali zoona. Koma pa mndandanda wa makiliniki pa kompyuta, maso ake ankangothamangila pa dzina limodzi. Ku kwaya anasiya kupita, nauza anzake kuti pakhosi pakumuwawa.

Pakati pa Disembala katemela watsopano anapezeka, pamodzi ndi batile ndi waya. A Daka anati kachipangizo ka m'filiji ya ku Nyalugwe nakonso kasinthidwe, ndipo wopita ndi Tasila. Iye anayesa kunena kuti ali ndi nchito yambili. A Daka anaseka. "Nchito yanji? Unamaliza yonse."

Anakwela minibasi ya m'mawa kupita ku Nyimba. Kumeneko anakumana ndi a Whiteson, dalaivala wachikulile wa galimoto ya mpingo, amene anali atapakila kale mabokosi. Atasiya tala, mseu unali wamatope ofiila, chimanga m'minda chili m'mawondo. A Whiteson anali munthu wokonda nkhani.

"A sista amene tikupitako aja, ine ninawanyamula tsiku lija pamodzi ndi mayi wodwala. Njila yonse anagwila dilipu m'manja, ambulansi ikudumpha. Pobwela tinaima pakamtsinje maola awili, iwo afuna kuwoloka ndi miyendo, ine n'kuwaletsa. Lelo akuti ni osasamala." Anapukusa mutu. "Koma makina sanama, si choncho amai? Inu ndinu odziwa."

Tasila anayang'ana kunja. "Makina amanena zimene auzidwa," anatelo motsitsa mawu, koma a Whiteson anali atayamba kale nkhani ya mtengo wa feteleza.

Kilinikiyo inali nyumba ya zipinda zinayi ya malata, pambali pali chitsime cha mjigo. Febby Njobvu anatuluka kudzawalandila. Anali mayi wamfupi wa zaka pafupifupi makumi anayi, yunifomu yake yoyela bwino ngakhale kunali matope. Anamugwila Tasila dzanja ndi manja awili.

"Ndinu a Nyendwa a ku Petauke? Mwayenda bwanji? Ine nimangomva dzina. Lowani, mwalema."

A Whiteson ndi amai Jessy anatsitsa mabokosi. Pamene a Whiteson ankamanga batile panja, Tasila anagwada kutsogolo kwa filiji kuti achotse kachipangizo kakale. Pamwamba pa filijiyo panali buku lachikuto cholimba, lomangililidwa ndi chingwe pamodzi ndi bolopeni. Febby anaona kuti akuliyang'ana.

"Nalikonzela katemela uyu wabwela lelo," anatelo. "Kale tinali kulemba kawili pa tsiku. Lomba nizayamba kulemba ola lililonse. Nauza a Jessy kuti pa Sondo sinizapitanso ku chalichi, nizapemphela pompano." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Kenako anatulutsa foni yake m'thumba, yong'aluka pakona. "A Nyendwa, inu ndinu odziwa izi. Nioneleniko. Kodi uthenga ungabwele, munthu n'kuufufuta osadziwa? Tsiku lija manja anali otanganidwa, foni ili m'thumba. Mwina ninaikhudza. Poyamba ninali kulumbila kuti sunabwele. Koma asanu ndi awili onse, pepala lionetsa. Masiku ano sinidzikhulupilila. Ngakhale mankhwala nimawelenga katatu nisanapatse munthu."

Tasila analandila foniyo. Anaiyang'ana osaona kanthu. Asanayankhe, kunja kunamveka mawu a mzimayi akuodila, ndipo Febby anatuluka.

Anali mayi wachitsikana dzina lake Rabecca, atabeleka mwana wa miyezi khumi. Atamutsitsa, Tasila anaona kudzela pakhomo: maso ofiila omata, mphuno ikuchucha, tizilonda tating'onoting'ono kuyambila kuseli kwa makutu mpaka pachifuwa. Mwanayo sankalila n'komwe, ankangopuma mofulumila. Febby anamutsegula pakamwa, namuika choyezela kutentha m'khwapa.

"Ni chikuku," anatelo. "Munabwela pa sikelo ya Novembala, si choncho?"

"Ninabwela, a sista. Munati katemela kulibe."

"Inde, ninatelo." Febby anatembenukila kwa a Whiteson. "Bambo, mukamaliza batile mupite nawo ku Nyimba. Chifuwa ichi sichinikondweletsa."

Anamupatsa mwanayo mankhwala oyamba, namukhazika mayiyo m'chipinda chapadela kuti asayandikane ndi ena. Atabwelela m'chipinda cha filiji anasamba m'manja nthawi yaitali. Tasila anali atakhala pansi, kachipangizo katsopano kali m'manja, sanakamange.

"A sista," anatelo. "Simunafufute uthenga. Sunafike. Palibe umene unafika pa asanu ndi awili aja."

Febby anatseka mpopi wa chidebe. Sanatembenuke.

Tasila anafotokoza zonse. Za makampani awili, za zilo ndi 260, za kafoni ka m'dilowa. Anafotokoza za lamulo limene anazimitsa pansi pa mtengo wa mango chifukwa anthu anamuseka ku kwaya. Sanasiye ndi za Lachiwili lija, kuti anadziwa asanasindikize pepala, nalisindikizabe.

"Munadziwa liti?" anafunsa Febby.

"Msonkhano usanachitike."

"Masiku angati?"

"Atatu."

Febby anapukuta manja pa thaulo, chala chimodzichimodzi. Kenako anakhala pa benchi moyang'anana naye. Nkhope yake inali itauma.

"Amuna anga ananifunsa ngati ninali kumwa mowa ku Nyimba. Mwana wanga wamkazi anauza anzake onse kusukulu kuti amai apita kukaphunzila uzamba. Zaka zisanu nakhala nikupempha malo aja. Ndipo inu munali ku Petauke, mudziwa."

"Nikhululukileni, a sista."

"Iyayi, musayambe na chimenecho." Mawu ake anakwela koyamba. "Mwaniuza ine kuti nichite nazo chiyani? Nikauza amai Miti, azati nafuna pothawila. Ine ninanena kale kuti sininalandile, ninalila pamaso pa anthu. Mau anga alibe nchito. Kauzeni amene analemba kalata. Mukawauze na pakamwa panu, na pepala lina lochokela m'makina anu omwewo, pakuti ndiwo amene amawamvela."

"Nizapita."

"Tizaona." Anaimilila. "Mangani chinthu chanucho. Katemela sangakhale m'bokosi tsiku lonse."

Tasila anamanga kachipangizoko. Anatumiza uthenga woyesela, foni ya Febby inalila patebulo, koma mwini wake sanaiyang'ane. Ponyamuka, amai Jessy anabweletsa mango m'kapulasitiki amene Febby anali atawakonzela alendo m'mawa. Febby sanatuluke kudzatsazika. Anali m'chipinda chapadela akulemba kalata yotumizila mwana uja.

Ulendo wobwelela Tasila anakhala kumbuyo pamodzi ndi Rabecca. Pa mabampu ankathandiza kugwila mutu wa mwana, wotentha ngati mbale yochoka pamoto. Rabecca anamuthokoza kawili konse. Tasila anafuna kumuuza kuti asamuthokoze, koma sanadziwe poyambila.

M'mawa mwake analowa m'chipinda cha a Daka ndi mapepala atatu: tsamba loonetsa tsiku ndi ola limene lamulo linazimitsidwa pamodzi ndi dzina lake, mndandanda wa mauthenga a m'kafoni, ndi kalata imene analemba yekha. A Daka anawelenga onse. Atamaliza anavula magalasi n'kutikita maso.

"Tasila, wanipha. Mvela. Kampani inasintha zinthu osatiuza bwino. Chimenecho ni choona, ndipo chikwanila kumuyeletsa nesi. Tilembe chimenecho. Za lamulo ili zikhale za muno mu ofesi. Mpingo ukamva kuti tinazimitsa tokha mlonda, ungatichotse m'makiliniki onse. Ndiye mafiliji makumi awili na atatu azakhala opanda wowapenya. Waganizapo?"

"Naganizapo, bambo. Koma azafunsa kuti tinadziwa liti. Tikati tadziwa lelo, nayambanso bodza lina. Ndipo a sista nawauza kale zonse."

"Wawauza?"

"Mailo, pamene ninapita kukiliniki kwawo."

Tasila anaganiza kuti a Daka amukalipila, koma iwo anangoti, "Pepala lija ninalinyamula ndine. Ninaimilila pamaso pa nesi uja n'kunena kuti makina athu sanama." Anavalanso magalasi. "Tipita tonse Lolemba."

Amai Sophia Miti, oyang'anila anesi, anawalandila mu ofesi yawo ku Nyimba. Anamvetsela mpaka kumapeto, manja atapinda patebulo. Anafunsa Tasila mafunso awili okha: chifukwa chake sananene Lachiwili lija, ndiponso ngati pali lamulo lina lozimitsidwa. Loyambalo Tasila anayankha kuti anachita mantha ndi manyazi. Lachiwililo anayankha kuti palibe. Amai Miti anati nkhaniyo ipita ku komiti, ndipo komiti sikumana mpaka zikondwelelo za Khisimasi ndi chaka chatsopano zitatha.

Tasila anawapempha kuti aimbe foni kusukulu ya uzamba tsiku lomwelo. Amai Miti anati malowo anapatsidwa kale kwa nesi wina wa ku Kalindawalo, amene wagula kale mabuku ndi yunifomu. "Nimuchotse nayenso? Alakwa chiyani?"

Asanakwele minibasi, Tasila anapita kuchipatala kukafunsa za mwana wa Rabecca. Anamupeza ali pa mpweya, koma akuyamwa. Mwanayo anatuluka m'chipatala patapita masiku asanu ndi anayi. Ku Nyalugwe ana ena anayi anadwala chikuku mwezi umenewo, ndipo onse anachila. Awili mwa iwo anali a pa sikelo ija, awili ena anali asanafike msinkhu wa katemela. Palibe amene akanatha kunena motsimikiza kuti zikanakhala bwanji filiji ikanapanda kufa. Tasila anafunsapo dokotala wina, ndipo yankho lake linali lomwelo.

Komiti inakumana mu Febuluwale. Kalata ya Febby inachotsedwa m'faelo yake, ndipo anamulembela ina yopepesa, ya mizele inayi. Anamulonjeza kuti dzina lake likhala loyamba pa mndandanda wa chaka chamawa. Kabungwe ka a Daka sikanachotsedwe, koma kanapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa. Tasila analandila kalata yomuchenjeza, yosainidwa ndi a Daka, amene anamupatsa osamuyang'ana kumaso. Kuyambila pamenepo lamulo la mlonda silinkazimitsidwanso ndi munthu m'modzi. Pankafunika awili, ndipo likakhala lozima maola makumi awili ndi anayi linkadziyatsa lokha. Tasila ndi amene analemba zimenezo.

Anawonjezanso china chimene komiti sinapemphe. Lachisanu lililonse m'mawa ankatumiza uthenga kwa anesi onse makumi awili ndi atatu kudzela ku kampani iliyonse, kenako n'kuwaimbila mmodzimmodzi kuti amve ndi makutu ake ngati wafika. Zinkamudyela m'mawa wonse. Anesi ena ankacheza naye, kumufunsa za mvula ya ku Petauke, ena ankadandaula kuti akuwasokoneza pa nchito.

Febby ankayankha foni ikangolila kawili. Tasila akapeleka moni, iye ankati, "Yafika yonse iwili," n'kudula. Zinatelo Febuluwale yense ndi Malichi. Lachisanu lina mu Epulo, anthu atayamba kukumba nshawa, Febby sanadule msanga. Tasila anamva phokoso la ana ndi azimayi kumbuyo.

"A Nyendwa, kachipangizo kanu kaonetsa madigili foo, koma choyezela changa chionetsa sikisi. Chinama ni chiti?"

"Sinidziwa, a sista. Nifunika kubwela nione."

"Bwelani Lachitatu. Galimoto ya a Whiteson ibweletsa mankhwala. Koma ni tsiku la sikelo, sinizakhala na nthawi yocheza."

"Nizabwela."

Febby anadula. Tasila analemba tsikulo pa kalendala ya pakhoma, kenako anaimbila nesi wotsatila pa mndandanda.